N'chifukwa chiyani sitima ya ku Cape Town imakhalitsa pa Kimberley ndi pa Beaufort West?

Bambo wina wosoka zovala ku Mayfair, mu mzinda wa Johannesburg, wafunsa kuti: "Zaka zapitazo ndinakwera sitima pa Park Station kupita ku Cape Town kukaona mng'ono wanga. Pa Kimberley tinafika usiku, pa nthawi yake ndithu. Otsika anatsika, okwera anakwera, koma sitima ili duu, osanyamuka. Kutacha, pa Beaufort West, chimodzimodzi. Mnzanga amene ndinali naye ankati akudikira kuti idzaze ngati minibasi ya pa Wenela, ine ndinkati madalaivala apita kukadya. Chondidabwitsa n'chakuti pa pepala la nthawi anali atalemberatu kuti tidzakhala pamenepo nthawi yaitali choncho. Ngati amadziwiratu, bwanji osangoichotsa nthawiyo kuti anthu azifika msanga? Nanga pa malo otere munthu angatuluke kukagula chakudya?"

Zikomo bambo. Mnzanuyo mukamuuze kuti za kudzazazo azisiye ku Wenela konko. Sitima ya apaulendo imanyamuka pa nthawi imene inalembedwa, kaya mipando yatha kaya muli anthu owerengeka. Inuyo mwakhudzako pang'ono, chifukwa madalaivala alimodi m'nkhaniyi, kungoti si nsima imene amatsata. Pali ntchito zimene sizingagwiridwe sitima ikuyenda, ndipo malo ogwirira ntchitozo ndi ochepa. Pamwamba pa nthawi ya ntchitozo, okonza ndandanda amaonjezera dala mphindi zina zoti zidzalipire kuchedwa kwa m'njira. Mbali yachiwiriyi anthu ambiri saidziwa, ndipo ndi imene imachititsa kuti ena atsale pa pulatifomu ali ndi jumbo ya tchipisi m'manja. Koma tiyambire pa Kimberley penipeno.

Mawaya a magetsi amene ali pamwamba pa njanji ya ku Cape Town amaoneka ofanana kuyambira kuno ku Joni mpaka kunyanja, koma magetsi oyenda m'menemo ndi osiyana. Kuchokera ku Johannesburg kudutsa Potchefstroom ndi Klerksdorp mpaka Kimberley, ndi magetsi oyenda mbali imodzi, otchedwa DC, a mphamvu ya 3 kV (mavoti 3,000). Kuyambira pa Beaconsfield, m'mphepete mwa mzinda wa Kimberley, kudutsa De Aar mpaka Beaufort West, ndi magetsi osinthasintha mbali, otchedwa AC, a 25 kV. Kuchoka pa Beaufort West kutsikira ku Touws River, Worcester mpaka Cape Town, abwereranso a 3 kV aja. Zinakhala choncho chifukwa zigawo za kumapeto ziwirizi zinalandira magetsi kale, nthawi imene njanji za dziko lino la South Africa zinkagwiritsa ntchito DC yokha. Chigawo chapakati chinadzalandira mochedwa, akatswiri ataona kuti pa mtunda wautali wopanda midzi AC ya mphamvu yaikulu ndi yotsika mtengo, popeza nyumba zogawira magetsi m'mbali mwa njanji zimatha kutalikirana kwambiri.

Ndiye malo awiri amene mwatchulawo ndi malire a magetsi. Mutu wa sitima wa mtundu wa 6E1 kapena 18E umayendera DC yokha, pamene wa 7E umayendera AC yokha. Mutu umene unakukokani kuchokera ku Park Station sukanatha kupitirira Kimberley, ndipo umene unakudutsitsani pa De Aar pakati pa usiku unayenera kutsala pa Beaufort West. Kusintha mutu si ntchito ya mphindi ziwiri ayi. Wolumikiza mabogi amalowa pakati, amamasula chokolowekera ndi mapaipi. Mutu wakale umasuntha n'kukalowa njanji ina, ndipo kusuntha kulikonse kumadikira chilolezo cha woyang'anira kayendedwe ka sitima. Watsopano umabwera pang'onopang'ono mpaka kugunda mabogi. Kagwedezeko kamene munakamva muli m'tulo kapena mukumwa tiyi kanali kameneko.

Imene imadya nthawi kwambiri ndi ntchito yotsatira, yoyesa mabuleki. Pansi pa sitima yonse pamadutsa paipi imodzi yochokera ku mutu mpaka ku bogi yomaliza. Pa sitima zina paipiyo imadzazidwa mpweya, pa zina mpweya umachita kuyamwidwamo, koma nzeru yake ndi imodzi: paipi ikaduka kapena ikatseguka, mabuleki a mabogi onse amagwira okha. N'chifukwa chake bogi ikamasuka m'njira siithawa, imaima. Tsono mukachotsa mutu mwatsegula paipi ija. Mutu watsopano uyenera kuibwezeretsa m'malo mwake, kenako dalaivala amagwiritsa mabuleki ndi kuwamasula, wina ali kumapeto kwenikweni akuona ngati bogi yomaliza yamvera. Ikapanda kumvera ndiye kuti penapake pakati paipi yatsekeka kapena ikutaya, ndipo sitima siinyamuka mpaka apapeze. Bogi imodzi ndi yaitali mamita pafupifupi 20, ndiye sitima ya mabogi 15 ndi mamita 300. Munthu wa tochi amene munamuona akuyenda m'mbali akusuzumira pansi amayenda mtunda wonsewo, akuyang'ana ngati zogwira mawilo zatha, ngati pali polumikizira polendewera, ngati pali wilo lotentha mopitirira. Ku Russia anthu a ntchito imeneyi amayenda ndi nyundo yaitali akugogoda, ndipo amamva ndi khutu ngati chitsulo chili bwino. Ine pa ntchito zonse za pa siteshoni, iyi yokha sindingalole kuti wina aifupikitse. Kutsogolo kwa Touws River njanji imatsika kuchoka pamwamba pa Karoo kulowa m'chigwa cha Hex River, kudzera m'mapanga okumbidwa m'mapiri amene anatsegulidwa mu 1989, lalitali mwa iwo loposa makilomita 13. Pamenepo munthu sufuna kuyamba kudzifunsa ngati mabuleki anayesedwa.

Ilipo mitu yoyendera magetsi a mitundu yonse iwiri, monga 20E, ndipo Blue Train ya anthu olemera ija imakokedwa ndi yotere. Komabe nayonso imaima pa Kimberley, nthawi yaitali kuposa yanu ija, chifukwa alendo amatsika kukaona Big Hole, dzenje lalikulu la mgodi wakale wa dayamondi. Kuima kumeneko n'kwa mtundu wina, kuli m'kati mwa mtengo wa tikiti. Ndipo pamene mawaya abedwa kapena magetsi avuta, sitima imakokedwa ndi mutu wa dizilo, umene nawo umafuna kumwa mafuta, ndipo mafutawo sapezeka paliponse koma pa depoti.

Tibwere kwa madalaivala anu aja. Ulendo wa makilomita pafupifupi 1,530, wa maola oposa 26 pa ndandanda, palibe munthu mmodzi angauyendetse. Malamulo a njanji kulikonse amaika malire pa maola amene dalaivala angakhale pa ntchito. Ku America malirewo ndi maola 12, ndipo akakwana sitima imaima pomwe yafikapo, ngakhale pathengo, mpaka galimoto ibweretse anthu ena. Koma kutopa si chifukwa chokha. Dalaivala wa sitima amaloledwa kuyendetsa pa chigawo chokhacho chimene anachiphunzira ndi kuyesedwa. Ayenera kudziwa pamtima pamene pali chitunda, pamene pali matsitso, pamene nyali yowongolera sitima yabisika kuseri kwa kona, pamene ayenera kuyamba kugwira mabuleki, chifukwa sitima imafuna mamita mazanamazana kuti iime ndipo usiku wa m'Karoo sungaone patali. Wa ku Kimberley amadziwa njira yake, wa ku Beaufort West yakenso. Aliyense amatenga sitima pa depoti yake, amakaipereka pa depoti yotsatira, amapuma, n'kubwerera ndi sitima ina. Popatsirana amauzana za mutuwo, ngati ukuvuta penapake, ndipo wolowayo amawerenga zidziwitso za tsikulo za malo amene akukonza njanji ndi amene liwiro lachepetsedwa.

Madepoti amenewa sanaikidwe dzulo. Ali pomwe anawasiya a nthawi ya sitima za malasha, ndipo iwo ankatsata madzi. Mutu wa nthunzi unkamwa madzi ochuluka zedi, pomwe Karoo ndi dziko louma. Matauni ngati Touws River ndi De Aar anakula chifukwa cha njanji: pamenepo mitu inkamwa madzi, inkatenga malasha, inkachotsedwa phulusa, ndipo mabanja a anthu a njanji ankakhala pomwepo. De Aar mpaka lero ndi mphambano yaikulu, pokumana njanji za ku Cape Town, Kimberley, Gqeberha ndi ya ku Namibia yodzera ku Upington. Vuto la madzi linali lalikulu mwakuti kuyambira 1953 anabweretsa mitu ya mtundu wa Class 25, yokoka ngolo yaitali yoziziritsira nthunzi kuti isandukenso madzi n'kubwerera mu injini, m'malo moitaya m'mwamba. Malasha anatha, koma mashedi, mapaipi, njanji zapambali ndi nyumba za antchito zinatsala, n'chifukwa chake sitima ya lero imaimabe pomwe inkaima ya agogo athu opita ku migodi.

Ludzu la sitima silinathe, linangosamukira kwa inu okwera. Bogi iliyonse ili ndi thanki yake ya madzi a ku chimbudzi, a posamba m'manja, ndi a shawa m'mabogi ogona. Anthu ambiri akamagwiritsa ntchito thanki imodzi usana ndi usiku, siingafike ku Cape Town. Pa masiteshoni akuluakulu pali mipopi m'mbali mwa njanji, ndipo antchito amakoka paipi kuthira bogi ndi bogi. Madzi ali ndi liwiro lake, simungawakankhe. Nthawi yomweyo ku bogi yodyera akukweza zakumwa ndi buledi, akutsitsa zinyalala, ndipo ngati pali jenereta ya magetsi a m'mabogi akuiona mafuta. Aliyense amene anakwerapo sitima yoti madzi a m'chimbudzi atha masana a mu December sangadandaulenso ndi mphindi zimenezi. Ku Australia sitima ya Indian Pacific, yoyenda makilomita 4,352 kuchokera ku Sydney kupita ku Perth, imaima pa kamudzi ka Cook pakati pa chipululu cha Nullarbor, kamene kulibe pafupifupi munthu wokwera kapena wotsika. Imaimira madzi ndi kusintha madalaivala.

Za chakudya zimene munaganiza zija zinali zoona kale, kungoti odyawo anali apaulendo. Mabogi odyera asanabwere, sitima inkaima kuti anthu atsike akadye. Kamudzi ka Matjiesfontein, kamene munadutsa mutachoka ku Beaufort West, kanayamba choncho. James Logan, munthu wa ku Scotland amene anagwirapo ntchito ya njanji, anakhazikitsa malowo mu 1884 n'kumagulitsa chakudya ndi zakumwa kwa anthu opita ku migodi ya kumpoto, ndipo analemera nazo. Ku England zinafika poseketsa. Kampani ya Great Western Railway inasainirana pangano ndi eni malo odyera pa siteshoni ya Swindon loti sitima zizikhala pamenepo mphindi 10, ndipo inakhala yomangika ndi panganolo zaka zambiri mpaka mu 1895 pamene inalipira mapaundi 100,000 kuti imasuke. Apo ndiye wodandaula akanakhala ndi mlandu womveka.

Zifukwa zina sizikhudza njira ya ku Cape Town, ndiye ndingozitchula modutsa. Pa malire a mayiko sitima imadikira a pasipoti ndi a kasitomu: amene anakwerapo TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kupita ku Kapiri Mposhi, akudziwa za Tunduma ndi Nakonde. Pa malire a China ndi Russia, pa Zabaikalsk, komanso a China ndi Mongolia, pa Erenhot, njanji zimasiyana kukula kwake, ina mamilimita 1,435 ina 1,520, ndiye mabogi amanyamulidwa m'mwamba ndi majeki n'kusinthidwa mawilo, ntchito ya maola angapo. Ife kuno tili ndi mwayi, njanji ya South Africa, Zimbabwe, Zambia, Mozambique ndi Malawi ndi ya muyeso umodzi, mamilimita 1,067. Kwina sitima imagawidwa pawiri, monga Empire Builder ya ku America yochokera ku Chicago, imene ikafika pa Spokane usiku mabogi ena amapita ku Seattle ena ku Portland.

Chimene chimakhudza kwambiri njira yathuyi ndi chakuti sitima yanu siili yokha panjanji, ndipo njanjiyo si yake. Sitima za maulendo ataliatali ngati yanu ija, zotchedwa Shosholoza Meyl, zili m'manja mwa bungwe la boma la sitima za apaulendo la PRASA kuyambira 2009, koma zikatuluka m'mizinda zimayenda pa njanji za kampani ina ya boma ya Transnet, zimene ntchito yake yaikulu ndi katundu. Pakati pa Kimberley ndi De Aar pamadutsa sitima zolemera za miyala ya manganese yochokera ku Hotazel kupita ku madoko a ku Eastern Cape. Pa zigawo zambiri za m'Karoo njanji ndi imodzi, yopita ndi yobwera zimagawana yomweyo, ndipo zimangopambana pa malo amene pali njanji yachiwiri yapambali. Wokonza ndandanda amajambula sitima iliyonse ngati mzere pa pepala, mbali ina maola mbali ina masiteshoni, ndipo mizere iwiri yoyang'anizana iyenera kukumana pa malo opambanirana okha basi. Kuti ikumane pamenepo, imodzi iyenera kudikira. Kawirikawiri anthu amati ya apaulendo ndiye iyenera kupatsidwa njira, ndipo pa pepala zimakhaladi choncho. Koma sitima ya katundu ikatalika kuposa njanji yapambaliyo, siingakwanemo, ndiye yolowa pambali ndi yaifupi ija, ya anthu. Komanso sitima yolemera ikaimitsidwa pa chitunda imavutika kunyamuka, ndipo ikakanika yatsekera aliyense.

Amene anakwerapo sitima ya kwathu yochokera ku Limbe kupita ku Balaka ndi Nayuchi akuzidziwa izi ndi maso. Chiyambire pamene malasha a ku Moatize anayamba kudutsa m'Malawi kupita ku doko la Nacala, sitima za mabogi oposa 100 zimadutsa pa Nkaya ndi Liwonde, ndipo ya apaulendo imayenda m'mipata imene zasiya. Amayi ogulitsa chinangwa, nthochi ndi mandasi m'masiteshoni amadziwa bwino kuti sitima ikhalitsa pati, nthawi zina kuposa okwerawo.

Tsopano funso lanu lenileni, loti bwanji osangoichotsa nthawiyo. Tiyerekeze kuti ntchito zonse za pa siteshoni, kusintha mutu, mabuleki, madzi ndi madalaivala, zimatha m'mphindi 25 zikamagwiridwa nthawi imodzi. Wokonza ndandanda salemba 25. Amalemba mwina 40. Zapamwambazo n'zofanana ndi ndalama imene munthu wopita kumudzi pa basi amabisa payokha chifukwa cha za m'njira pa Beitbridge kapena pa Tete: ulendo ukayenda bwino imafika yosakhudzidwa, koma sanganyamuke popanda iyo. Sitima ikafika mochedwa ndi mphindi 10, imagwira ntchito zake n'kunyamuka pa nthawi yake, kuchedwa kuja kwafera pomwepo. Ikafika mochedwa ndi mphindi 30, imanyamuka itachedwa ndi 15 zokha. Koma ikafika pa nthawi yake, monga zinachitikira inuyo, ntchito zimatha msanga ndipo mphindi zotsalazo imangokhala, chifukwa sitima ya apaulendo siiloledwa kunyamuka nthawi yolengezedwa isanakwane. Wina wa ku Kimberley amene anauzidwa nthawi yakutiyakuti akhoza kukhala ali m'njira. Ndiye duu amene anakutopetsani uja anali chizindikiro chakuti tsikulo zinthu zinayenda bwino.

Njanji zonse zimachita zimenezi, ngakhale za ku Ulaya zodziwika ndi kusunga nthawi, kumene amaonjezera pafupifupi mphindi 5 mpaka 7 pa mphindi 100 zilizonse zoyenda. Pa ulendo wautali zambiri mwa mphindizi amaziunjika pa masiteshoni akuluakulu komanso chakumapeto kwa ulendo. Chifukwa chake n'chosavuta: pa Kimberley pali njanji zambiri, sitima ikhoza kukhala pa pulatifomu yake zina zikudutsa. Ikakhala nthawi yomweyo pa kasiteshoni ka njanji imodzi, yatseka njira yonse.

Mutazichotsa mphindizi, pa pepala ulendo ungafupike, koma kuchedwa kulikonse kungamayende nanu mpaka kumapeto, kukukulirakulira. Sitima yochedwa imaphonya malo amene inayenera kupambana ndi inzake, ndiye woyang'anira amaiimitsa pa malo ena akumbuyo kuti yobwerayo idutse, ndipo mphindi 10 zasanduka 40. Inzakeyo nayo mwina yadikira, n'kukachedwetsa yachitatu. Dalaivala amene anayenera kubwerera ndi sitima ina waiphonya, kapena maola ake atha. Ikafika cha ku Wellington ndi Bellville imalowa m'dera la sitima za m'tauni za Metrorail, zimene zili ndi mipata yake, ndipo mpata wanu ukapita mumayenda kumbuyo kwa sitima yoima pa siteshoni iliyonse. Chimodzimodzi pobwera kuno, ikafika cha ku Randfontein ndi Krugersdorp. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo pa njanji imodzi mawuwa ndi masamu enieni.

Palinso kuchedwa kwina kumene amachita dala chifukwa cha tulo tanu. Sitima ya usiku, monga ya ku Durban, nthawi zina ikhoza kufika msanga kuposa momwe analembera, koma kufika 3 koloko m'bandakucha n'kopindulitsa ndani? Matakisi sanayambe kuyenda, wodzakuchingamirani ali m'tulo, ndipo tonse tikudziwa kuti kuzungulira Park Station nthawi imeneyo ndi chikwama pamutu si nzeru. Ndiye wokonza ndandanda amayamba wasankha nthawi yabwino yonyamukira madzulo ndi yabwino yofikira m'mawa, kenako maola otsala pakatipo amawamwaza usiku, pamene ambiri ali m'tulo ndipo sakuwerenga.

Sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti mphindi iliyonse yolembedwa ndi yoyenera. Nthawi yoonjezera ili ndi mbali yake yoipa. Njanji ikakalamba, mitu ikamafa pafupipafupi, njira yosavuta kwa akuluakulu a kampani iliyonse ya sitima ndi kutalikitsa ndandanda, kuti malipoti azionetsa kuti sitima zikufika pa nthawi yake. Wokwera amalipira ndi maola ake, ndipo vuto lenileni silikonzedwa. Gawani makilomita 1,530 ndi maola 26, mupeza kuti liwiro la ulendo wonse silifika makilomita 60 pa ola, pamene basi ya pa msewu wa N1 imafika maola ambiri sitima isanafike. Kusiyana kumeneku sikungafotokozedwe ndi mabuleki ndi mathanki a madzi okha. Mitu yambiri yoyendera magetsi a mitundu iwiri, njanji zapambali zazitali, ndi kukonza malo amene liwiro linachepetsedwa, zingachotse nthawi yochuluka popanda kuika moyo wa munthu pa ngozi. Zimenezo ndiye zofunika kuzifunsa, osati kuti woyesa mabuleki afulumire.

Musasokonezenso kuima kolembedwa ndi kuima kwa pathengo. Sitima ikaima maola awiri pamalo popanda pulatifomu, pali nkhosa zokha ndi mphepo, zimenezo sizili pa ndandanda ya munthu aliyense. Kawirikawiri ndi mawaya a kopa amene abedwa, nyali zowongolera zafa, ndipo sitima iliyonse iyenera kupatsidwa chilolezo pakamwa, imodziimodzi, n'kumayenda pang'onopang'ono. Mwina mutu wafa ndipo wina ukuchokera ku depoti yakutali. M'chilimwe chitsulo cha njanji chimafutukuka ndi kutentha ndipo chikhoza kupindika, ndiye masana liwiro limachepetsedwa. Mavuto otere ndi amene apweteka sitima za maulendo ataliatali m'dziko lino. Kuyambira 2020, pamene zinaimitsidwa itachitika ngozi kufupi ndi Roodepoort kenako n'kubwera mliri wa Covid-19, zakhala zikuyenda mwa apo ndi apo, nthawi zina osayenda n'komwe, ndiye musanakonze ulendo wina pitani kaye pa Park Station mukafunse ngati ikuyenda.

Za kutsika kukagula chakudya, kutsika tsikani, muwongole miyendo, osuta asute pamene paloledwa. Koma kumbukirani masamu aja. Chimene sitima inakulonjezani ndi nthawi yonyamukira, osati kutalika kwa kuimako. Ikafika mochedwa, mphindi zoonjezera zija zadyedwa kale, ndipo ntchito zikangotha imanyamuka. Anthu amene amatsala kawirikawiri si achilendo ayi, ndi ozolowera, amene amati pano timakhala nthawi yaitali, ulendo watha ndinafika mpaka ku shopu ya kuseri uko. Ulendo watha sitima inafika pa nthawi yake, lero yachedwa ndi ola. Ndiye musanaponde pansi funsani wantchito wa m'bogi mwanu kuti tinyamuka nthawi yanji lero, ndipo yankho lake likhale malire anu, osati pepala.

Ine malangizo anga ndi oti musatuluke pa geti la siteshoni, makamaka usiku pa Kimberley kapena pa De Aar. Khalani pamene mukuiona bogi yanu, ndipo lowezani nambala yake, chifukwa m'mdima zonse zimafanana. Foni, tikiti ndi pasipoti zikhale m'thumba mwanu, osati pa mpando, kuti zitavuta musatsale m'tauni yachilendo opanda pepala lililonse. Ana musawalole kutsika okha. Mukaona mabogi akusuntha pang'ono mutu ukusinthidwa, musathamangire kudumphira pa chitseko, funsani kaye. Musadutse pansi pa mabogi kapena pakati pake ngakhale sitima ikuoneka yakufa, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene amaigwedeza, ndipo musakwere pa chilichonse chokuyandikizitsani ku mawaya: magetsi a 25 kV amadumphira munthu asanawakhudze n'komwe. Chakudya gulirani kuno musanakwere, nkhuku yanu ndi buledi, pamodzi ndi madzi akumwa okwanira masiku awiri, popeza a m'thanki ya bogi aja ndi osambira.